Mkamwini Amene Anatchetcha Ayirishi

Kumtunda kwa Bembeke, kumudzi kwa akazi awo, a Bartholomew Kanyumbu ankadziwika ndi zinthu ziwiri: jekete yabulawuni yoperepeseka m'zigongono, ndi pakamwa posalola chinthu kuchitika popanda kuchipezera mfumu yakufa kalekale. Anabadwira kufupi ndi Linthipe, nabwera kuno ali mnyamata kudzaphunzitsa histole pasekondale ina. Ndi kuno kumene anaona Filomena akuchokera kudimba atasenza dengu la kabichi, ndipo kuyambira pamenepo njira ya ku Linthipe inamera udzu. Anamanga nyumba pamalo a kuchikazi, anabereka mwana mmodzi, Susan, anaphunzitsa mpaka kupuma pantchito. Ambiri a m'mudzimo anabadwa nkuwapeza ali pomwepo. Koma mkamwini amakhalabe mkamwini, ngakhale imvi zitamera mpaka m'makutu.

Choko anasiya, koma histole sinawasiye. Mbuzi ikalowa m'munda wa eni nkutulukamo ikutsimphina, iwo ankati, "Napoliyoninso analowa choncho ku Russia, chisanu chinamubweza asilikali atatha." Munthu akafuna kusiya mkazi, ankamukhazika pansi nkumufotokozera za Henry wa ku Mangalande, amene anasinthasintha akazi mpaka kuyambana ndi Papa, koma mtendere osauona. Makoswe akavuta m'nkhokwe, ankayamba za mliri umene unafika ku Ulaya pa zombo nkupululutsa anthu. Tsiku lina khitchini ya a Benedict, wogula mbewu wa kumsewu, inapsa. Anthu akuthamanga ndi ndowa, a Bartholomew anaima pambali manja kumbuyo nkulengeza kuti mzinda wa London nawonso unapsa ndi moto wochokera kwa munthu wophika buledi. Panatsala pang'ono kuti madzi a m'ndowawo athere pa jekete ija.

Kunena zoona, munthuyu ankatopetsa. Koma sankanama, ndipo sankachita zimenezi podzionetsera. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chilichonse chogwera munthu kuno chinagwerapo wina kwinakwake, ndipo ankadabwa kuti anthu safuna kumva mmene anzawowo anathera. Amene ankatha kuwatseka pakamwa anali akazi awo okha. "Abambo a Susan, mafumu anuwo apume kaye, alendowa akufuna kupita," ankatero, ndipo mphunzitsi ankameza mawu ngati mwana wa sitandade wani. Khasu nalo linali la a Filomena. Iwo ndi amene ankadziwa nthawi yobzala, mbewu yosunga, ndi mzere umene umasunga madzi. Amuna awo ankangotsatira kumbuyo, kulima pang'ono, kuyankhula kwambiri.

A Filomena anamwalira nyengo yozizira ya chaka chatha, atadwala chibayo masiku ochepa chabe. Maliro atatha, panabuka nkhani imene aliyense ankaidziwa koma osafuna kuiyamba. Mkazi akafa, akuchikazi amamusudzula mkamwini, kutanthauza kuti amamumasula abwerere kwawo. Wopereka mawu anali a Kalisto, mlongo wa malemuyo, mwinimbumba, munthu wa mawu ochepa amene ankayankhula akuyang'ana pansi.

"Alamu akalambira pano," anatero a Kalisto. "Akhale. Koma munda wa mlongo wanga ndi wa Susan. Iwo asaikepo mawu, asaikepo dzanja."

A Bartholomew anawomba m'manja kuthokoza, ndipo anathokozadi kuchokera pansi pa mtima. Kwawo ku Linthipe kunalibenso kwawo. Abale awo onse anapita, pamene panali nyumba ya mayi awo adzukulu ena anabzalapo tomato, ndipo ana a kumeneko akawaona ankawapatsa moni wa alendo. Chimene ankafuna pa moyo wawo wotsalawo chinali chimodzi: kukhala m'nyumba imene anamanga ndi Filomena mpaka tsiku lowanyamula.

Susan anali ndi mavuto akeake. Mwamuna wake anapita ku Joni nkungoti zii, kumusiya ndi ana. Chaka chimenecho anaganiza zolimba mtima: munda waukulu wonse wa mayi ake anabzala mbatata ya kachewere, imene kuno aliyense amangoti ayirishi, chimanga nkungobzala kachigawo kuseri kwa nyumba. Ayirishi akachita bwino m'mapiri muno amadyetsa banja chaka chonse ndi kuvekanso ana. Ndipo anachitadi bwino. Pofika February munda unali biriwiri, maluwa ali mbuu, anthu odutsa ankaima nkunena kuti dzanja la Filomena latsalira mwa mwana wake.

Kenaka kunagwa mvula yamawawa yosakata. Nkhungu inatsika m'phiri nkukhala pamudzi ngati yabwera kudzagona maliro. Zovala sizinkauma, machesi sankayaka, dzuwa anthu analiiwala maonekedwe ake.

Mmawa wina a Bartholomew akudutsa m'mphepete mwa munda uja anamva kafungo. Anawerama. Masamba a mizere yakumtunda anali ndi mawanga akuda ngati awauka ndi moto, ndipo atatembenuza tsamba limodzi anaona kachuku koyera kunsi kwake. Anakhala chiweramire. Chiwawu aliyense amachidziwa kuno, chimabwera zaka zina nkupita. Koma iwo sanaone chiwawu cha zaka zina. Anaona phunziro limene ankaphunzitsa chaka ndi chaka ana akuwodzera: dziko lina la kutsidya kwa Mangalande kumene anthu osauka ankadalira mbatata yokhayokha, matenda omwewa nkufika m'nyengo yonyowa, mbatata nkuwolera pansi, anthu nkumafa m'misewu. Kwa nthawi yoyamba, histole inawanunkhira m'mphuno.

Anamupeza Susan akuwotcha chimanga chachiwisi cha ana.

"Mwanawe, munda uja wagwidwa."

"Ndaona, ababa. Ndapopera kawiri, mvula ikungotsuka."

"Ndiye tchetcha masamba onse. Lero. Alangizi ananenapo kuti chikafika poipa, ukadula pamwamba matenda satsikira kwa mbatata."

"Ndidule pano? Ababa, mbatata zake zikadali ngati mazira a njiwa. Ndikadula basi zakula pomwepo. Ndigulitsa chiyani? Ana adya chiyani? Tidikireko, mwina kunja kuyera."

"Kukapanda kuyera?"

Susan anatembenuza chimanga pamakala, nkhope ili gwa, ndipo bambo ake anaona kuti mwanayo ali ndi mantha kuposa iwo.

Anapita kwa a Kalisto, nawapeza akusoka thumba pakhonde. A Kalisto anamvetsera mpaka kumapeto osadukiza, kenaka analuma ulusi.

"Alamu, tinagwirizana zotani?"

"Ndikukumbuka. Koma ichi si..."

"Ine ndalima mbatata kuyambira ndisanamere ndevu. Chiwawu chimabwera, dzuwa likawala chimaima. Inu munalima choko. Musandipute, alamu, chonde."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma a Bartholomew analibenso wowagwira jekete. Lachinayi, mapemphero a mphakati atatha pakhonde la a Benedict, anthu akupinda mikeka, anaimirira nkupempha kuti anenepo mawu awiri. Ena anausa moyo, ena anakhalanso pansi mwaulemu.

"Abale anga, chiwawu chili m'minda mwathumu si chocheza nacho. Kale ku Ulaya chiwawu chomwechi chinabwera, ndipo Ayirishi anafa pafupifupi miliyoni imodzi."

Kenaka mayi wina wachikulire anafunsa mofatsa, mofunadi kudziwa, "Aphunzitsi, anawerenga ndani? Ankakumba nkumawerenga imodziimodzi?"

"Miliyoni si zambiri ayi," anatero a Benedict, amene ntchito yawo inali yokweza matumba m'malole. "Ayirishi miliyoni ine ndimatumiza ku Lilongwe mwezi usanathe. Azungu kulira ndi zochepa zomwezo?"

"Anthu!" anakuwa a Bartholomew. "Ndikunena anthu! Ayirishi ndi anthu!"

Pamenepo ndiye khonde linagwa ndi phwete. Mtsikana wina anati ndiye kuti a pachiwaya aja akhala akutikazingira anthu. Wina anati nchifukwa chake mbatata ili ndi maso. Ngakhale mtsogoleri wa mphakati anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. A Bartholomew anayesa kufotokoza kuti kuli dziko lotchedwa Ireland, kuti dzina la mbatatayi linachokera kwa anthu a kumeneko, koma mawu awo anamira m'chiseko. Amene anapitako kusukulu ankadziwa bwino zimene mkuluyo ankanena, koma nthabwala inali itakoma kale, ndipo palibe anafuna kuiononga. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi wonse, ndipo inafika kwa a Kalisto itavala zovala zina: aphunzitsi mutu wayamba kusokonekera, akuti mbatata ndi anthu.

Lachisanu mawanga anatsikira mizere yapakati. Loweruka fungo linkamveka munthu ali panjira. Mvula inali yomweyo, yopyapyala, yosatopa. A Bartholomew ankapita kumunda, kubwerera, kukhala pampando, kunyamukanso. Ankadziwa bwino lomwe mtengo wa chimene ankachiganiza. Akakhudza munda uja, mawu a Kalisto adzagwira ntchito, ndipo nyumba ija adzaisiya. Akaukhalira chete, nkuwola zonse, adzukulu awo adzagona ndi njala iwo akuonerera, atadziwa. Moyo wawo wonse ankanyoza mafumu ndi nduna zimene zinaona tsoka likubwera nkumati tidikire. Tsopano anazindikira kuti kudikira kumakoma, ndipo anachita manyazi.

Lamulungu belu la Misa yoyamba litalira, Susan anaveka ana nkuwaitana bambo ake. Iwo anati mutu ukuwawawa. Chikwatire anali asanajombepo ku Misa, ndipo Susan anawayang'ana nthawi yaitali asanatuluke. Mudzi utangoti zii, anavula jekete, naipachika pamsomali, natenga chikwakwa cha Filomena kuseri kwa chitseko.

Anayambira kumunsi kumene masamba anali abwinobwino, chifukwa ankadziwa kuti akayambira kodwala mtima udzawabweza pofika kwabwinoko. Chikwakwa chinali chobuntha, msana unali wa munthu wokalamba, ndipo manja a choko anatuluka matuza mzere wachitatu usanathe. Anatchetchabe. Maluwa ankagwera m'matope. Nthawi ndi nthawi ankaima monga wakuba kumvetsera ngati kukubwera munthu, kenaka nkuweramanso. Belu la Misa yachiwiri linalira. Matuza anaphulika, chigwiriro chinayamba kuterera, anachikulunga ndi mpango. Masamba odulawo ankawakokera kudzenje la kumalire nkuwakwirira. Pamene anthu ankatuluka m'tchalitchi, munda wa Filomena unali mizere yokhayokha ya dothi lofiira, tizitsa tili tololo.

Susan, amene anatsalira mpaka Misa yachiwiri itatha, anafika ali m'chitenje chake cha kutchalitchi, ana ali pambuyo. Sanakuwe. Anayenda pakati pa mizere mpaka pamene bambo ake anakhala, atatambalala m'matope, chikwakwa chili pamiyendo.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "mwandipha."

"Ndakupulumutsa, mwanawe. Udzaona."

"Munda wa amayi. Mwadikira ndipite kwa Mulungu kuti muchite zimenezi?"

Anagwada, nafukula phando limodzi ndi manja. Munatuluka timbatata tosalala, toyera bwino, tating'ono ngati maso a ng'ombe. Anatiyang'ana m'dzanja lake, ndipo ndi pamene analira, kulira kwa pamaliro, mpaka anthu ochokera ku Misa anapatuka panjira kudzaona.

A Kalisto anafika pambuyo pa onse. Anayang'ana munda kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, nayang'ana manja a magazi a mlamu wawo. "Tidzakamba tikakolola," anatero, nabwerera.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa kuifotokoza. Tsopano chilungamo cha a Bartholomew chinali m'manja mwa mitambo. Mvula ikapitirira, minda ya anzawo ikawola, aliyense adzati mkuluyu anaona patali, ndipo palibe angamuthamangitse munthu amene wapulumutsa mbewu. Kukayera, ndiye kuti anangoononga chakudya cha adzukulu awo. Munthu amene moyo wake wonse sanafunirepo mnzake choipa anapezeka akudzuka mmamawa kukayang'ana kuphiri, mtima ukupempha nkhungu. Anadzipeza akusuzumira m'munda wa a Kalisto, kufunafuna mawanga, nkumakondwa akawapeza. Atazindikira chimene akuchita anabwerera kunyumba nkukhala kuchipinda tsiku lonse, osadya.

Lachitatu kunacha kuli ngwee. Dzuwa linatuluka lamphamvu ngati la October, mphepo youma inawomba kuchokera kuchigwa, ndipo amayi anayanika zofunda pa mpanda uliwonse. Linawala mawa lake, linawalanso mkuja. Mawanga m'minda ya anthu anauma nkusanduka ngati fodya, osafalikiranso. Ena anataya mizere ingapo, ena sanataye kanthu. Mudzi wonse unasangalala, ndipo a Bartholomew, atakhala pakhonde dzuwa likuwawotcha mawondo, anayesetsa kusangalala nawo.

Pokolola, a Kalisto anakumba mbatata zonga zibakera. A Benedict anaimika lole kumsewu. Susan anakumba timbatata take, tambirimbiri, topanda banga ngakhale limodzi, koma a Benedict atatiyang'ana anapukusa mutu mwachisoni: a tchipisi sangatenge zotere, mwina wofuna mbewu, ndipo chaka cha zokolola zambiri mbewu aliyense ali nayo yake. Kodi mvula ija ikanapitirira sabata ina imodzi zikanatha bwanji? Palibe akudziwa, ndipo palibe anafunsa. Susan anayamba kuyenda maganyu okumba mbatata m'minda ya anzake. Ankawapatsabe bambo ake chakudya, kuwachapira, kuwapatsa moni wa mmawa, koma maso ake ankadutsa pambali.

Tsiku la nkhani linafika mwezi wa May, kukuyamba kuzizira. Anakhala pabwalo la nyumba ya a Kalisto: eni mbumba, amayi akuluakulu a banjalo, ndi mdzukulu wina wa a Bartholomew amene anaitanidwa kuchokera ku Linthipe, mwamuna woyendetsa njinga ya kabaza amene ankangoyang'ana foni. A Kalisto sanakweze mawu. Anati alamu akhala nafe bwino zaka zonsezi, sanatukwanepo munthu, sanamenyepo mlongo wathu, anatiphunzitsira ana. Anati koma panali mawu amodzi okha amene tinawapempha. Anati anthu akunena kuti mutu wawo sukuyenda bwino, ndipo ngati ndi choncho, ndi bwino akadwalire m'manja mwa abale awo, chifukwa chaka chamawa sitidziwa chimene adzatchetche.

"Susan, uli ndi mawu?"

Susan anali atakhala kumapeto kwa mkeka, atafunda chitenje kumutu. Anadzutsa mutu kuti ayankhule. A Bartholomew anamuyang'ana, ndipo anaona kuti mwanayo akangotsegula pakamwa adzayambana ndi amalume ake, amene ndiwo okhawo omuthandiza tsopano. Anamupukusira mutu pang'ono. Susan anaweramitsa nkhope, misozi ikugwera pamkeka.

"Nanga inu alamu, nenani mawu anu."

Anthu anakonzeka. Ena anasuntha matako kuti akhale bwino, podziwa kuti kukubwera mfumu ina yothamangitsidwa, mwina Napoliyoni pa chilumba chake. A Bartholomew anaimirira, nakonza jekete. Anatsegula pakamwa, ndipo mafumu onse a Mangalande, nkhondo zonse, zaka zonse zimene ankaziloweza, panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chinabwera.

"Mundilole ndikatsanzike kwa amake Susan," anatero.

Kumanda salowako munthu yekha popanda eni ake, choncho a Kalisto anapita kukapempha kwa amfumu, nabwera kudzawaperekeza. Anayenda awiriwiri, nkhalamba ziwiri, wina patsogolo wina pambuyo. Atalowa m'nkhalango ya kumanda, a Kalisto anaima patali pang'ono pansi pa mtengo, nachotsa chipewa. Mtumbira wa Filomena unali utayamba kutitimira, mtanda wake wathabwa utapendekeka. A Bartholomew anagwada movutikira, nauwongola mtandawo, natsendera dothi m'munsi mwake ndi manja amene anali akadali ndi zipsera. Anazula tiudzu tingapo. Anaweramitsa mutu moti a Kalisto anaganiza kuti akupemphera.

Kenaka anamva mawu, otsika, a munthu amene akuuza mkazi wake nkhani ya pakhomo.

"Amake Susan, ndine. Mbatata ija ndinaononga. Mwana wathu akuyenda maganyu." Anapuma. "Akuti ndizipita kwathu. Ine ndimayesa kwathu ndi kuno."

A Kalisto anatembenukira kumtengo nkupukuta nkhope ndi chipewa. Anayandikira, nagwira mlamu wawo m'khwapa kuwadzutsa, nawasansa dothi m'mawondo, bondo lina kenaka linzake, mosamala ngati akusansa mwana. A Bartholomew anawayang'ana kumaso, kudikira. A Kalisto anavala chipewa chawo.

"Tiyeni, alamu," anatero. "Wa njinga uja akuti kukuda."